Ku Kabanana Njira ya ku Khoti Iyambira Kuseri kwa Nyumba

Munthu wocokera ku Lundazi, ku Katete kapena ku Petauke akafuna kukaona abale ace ku Kabanana, ulendo wace uli pawiri. Woyamba ndi uja wa basi yaikulu yotsata mseu wa Great East, kuoloka mlatho wa Luangwa, kukwera zitunda za Manenekela, kupitirira Rufunsa ndi Chongwe, kufikira basi itaima pa Intercity pakati pa mzinda wa Lusaka. Kucokera ku Chipata ndi mtunda wa makilomita oposa 550, ndipo wonyamuka mbandakuca afika dzuwa litapendeka. Ulendo waciwiri ndi waufupi, koma ndiwo usokoneza alendo, pakuti uyamba pa siteshoni ya timabasi ting'onoting'ono pamene anyamata afuula maina a makomboni onse nthawi imodzi. Mlendo asadabwe akamva wina ali kuitana kuti, "Chipata! Chipata!" Sali kumbweza kwao ai. Mu Lusaka mulinso komboni ya dzina lomwelo, ndipo ili m'mbali imodzimodzi ndi kumene iye apita.

Kabasi kalowera kumpoto ndi mseu wa Great North, umene upita ku Kabwe. Kapitirira Emmasdale, Chaisa ndi Mandevu, ndipo patsogolo paoneka Heroes Stadium, bwalo lalikulu la mpira limene linatsegulidwa mu 1914 ai, koma mu 2014, ngakhale dzimbiri la zitsulo za m'mbali mwa mseu lingampusitse munthu. Komboni ya Kabanana ili kudzanja lamanja la mseuwo, kuseri kwa Chipata Komboni, moyandikana ndi Chazanga. Kupitirira apo nyumba ziyamba kupatukana, ndipo maso aona minda ya ku Ngwerere ndi njanji yopita ku migodi. Ndi malo okwera ndi otsika, a fumbi lofiira m'cilimwe ndi matope oterera m'dzinja. Dzina lace limveka ngati la kanthoci kamodzi, ndipo nthoci zilikodi m'mayadi ena, makamaka paja pamene madzi a kubafa atayikira.

Kuti munthu amvetse makhalidwe a kuno, ayenera kudziwa m'mene makomboni a Lusaka anayambira. Mzindawu unakhala likulu la dziko mu 1935, ndipo atsamunda anaukonza ngati mudzi wa Azungu, wa miseu yotakata ndi mitengo ya mthunzi. Munthu wakuda wopanda citupa ca nchito sanali kufunika m'tauni. Anchito a m'mapulazi ndi a m'makwale a miyala anamanga zisakasa pa malo a mabwana ao, ndipo ndico cifukwa cace makomboni ena asunga maina a eni malowo kufikira lero, monga George, John Laing ndi Marapodi. Ufulu utabwera mu 1964 zipata zinatseguka. Mu 1969 mu Lusaka munali anthu pafupifupi 262,000, mu 1980 anapitirira 535,000, ndipo kalembera wa 2022 anapeza oposa 2,200,000. Mu 1974 Boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni amene kale anali kuyesedwa osaloledwa, ndipo ndi thandizo la World Bank mipope ya madzi ndi miseu zinalowa mu Chawama, George, Chaisa ndi Chipata. Makomboni akalewo atadzaza, anthu anasendera kunja, ndipo Kabanana ndi imodzi mwa malo amene anakula motero. Mbali ina, yochedwa Site and Service, ili ndi mapuloti opimidwa bwino. Mbali ina njira zace zikhota monga momwe oyamba kumanga anafunira.

Anthu ambiri a ku Kabanana adya thukuta lao. Mamawa timabasi tidzaza ndi alonda obwera ku nchito ndi amai opita kukacapa ndi kukaphika m'nyumba za ku Roma ndi ku Olympia. Otsala aumba mabuloko, aphwanya miyala ndi nyundo, agulitsa makala m'timapepala ta pulasitiki, kapena akhala pa kantemba kugulitsa pamela, ndiko kuti kaufa kopimira nsima ya tsiku limodzi. Madzi agula pa mpope ndi zigubu, ndipo akumbukira bwino kolera imene inalengezedwa pa 6 Okutobala 2017, odwala oyamba atapezeka m'dera lomweli la Chipata. Pa Sabata machalichi adzaza kufikira ena aimirira pazenera.

Cimene mlendo wa kumudzi azindikira msanga ndi cakuti anthu awa sanasiye khasu. Pali ponse pamene patsala kadothi, wina wabzalapo cimanga, cibwabwa, kalembula kapena repu. Kuseri kwa cimbudzi, m'mbali mwa ngalande, pa puloti ya mwini wace amene sanayambe kumanga, ponse pali kamunda. Ndipo m'timinda tina tocepa, pakati pa mapesi ndi khoma, mwaima mbeu ina ya masamba onga zala za dzanja, imene mwini wace safuna kuti anansi aifunse dzina.

Mbeu imeneyo ili ndi maina ambiri. Acewa, Ansenga ndi Angoni aicha camba kapena fodya wamkulu, Abemba ati ibange, Atonga ati lubanje, ndipo anyamata a m'tauni ati dobo. Si yacilendo m'dziko muno. Kumidzi kunali akuluakulu amene anali kusuta pobisika nati cipatsa mphamvu polima, ndipo ena anali kunena kuti madzi a masamba ace acizira khutu lowawa. Motero ambiri abwera m'tauni ali ndi maganizo akuti camba ndi nkhani yamanyazi cabe, yoti mfumu ingadzudzule nkhope ili gwa, mlandu ndi kuthera pomwepo. Apa ndipo pagona ngozi, pakuti lamulo la Boma liona munthu wobzala, wokolola, woumitsa ndi womanga timitolo ngati wopanga mankhwala osokoneza bongo.

Camba ca m'timinda ta m'komboni ndi cocepa. Cambiri cicokera kumidzi. Malipoti a bungwe la Drug Enforcement Commission, limene anthu angolichula kuti DEC, achula kawirikawiri alimi ang'onoang'ono ogwidwa atabzala camba pakati pa cimanga m'minda ya kutali ndi mseu. Cina cioloka malire kucokera ku Malawi, kumene ca ku Nkhotakota ndi cochuka, ndipo cibwera cokulungidwa m'makungwa a nthoci ngati zitsononkho. Cilowa mu Lusaka m'matumba a nshawa, a mbatata ndi a makala. Msika wace wodziwika ndi Chibolya, pafupi ndi pakati pa mzinda, koma katundu asanafike kumeneko afuna kacipinda kabata kosungiramo ndi kogawiramo, ndipo zipinda zotere zipezeka m'makomboni a kumalire a mzinda kumene lendi ndi yocepa ndipo thumba locokera kumudzi silidabwitsa munthu. Si Kabanana yekha. Koma malo alionse amene mudzi ndi tauni zikumana ali ndi vuto limeneli, ndipo Kabanana ndi malo otere.

Cimene cikopa mlimi ndi codziwika. Cimanga cifuna feteleza, cilemera ponyamula, ndipo ndalama zace nthawi zina zicedwa. Camba cimera popanda zambiri, ndipo wogula abwera yekha usiku ndi ndalama m'thumba. Caka ca cilala, monga 2024 pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka, mau a wogula wotere atsekemera koposa. Wogulayo sachula za ndende, ndipo tsiku la mlandu sadzaoneka.

Palinso cinthu cina cophikidwa kuseri kwa nyumba za m'makomboni, ndico kacasu. Dzina lace linacokera ku Cipwitikizi. Ku cigwa ca Luangwa acheza ndi masau, m'tauni acheza ndi shuga ndi gaga, m'mgolo wokhala ndi kampope kodutsa m'madzi ozizira. Amai ambiri amasiye aphunzitsa ana ndi mgolo umenewo, ndipo amuna ambiri apsa nao milomo ndi ziwindi. Kacasu ndi woletsedwa, monganso tujilijili timene Nduna Nkandu Luo inaletsa mu Epulo 2012. Koma awerengi asiyanitse bwino zinthu ziwirizi. Mlandu wa kacasu uyenda ndi malamulo a mowa, ndipo ogwira ndi apolisi ndi a khonsolo, amene kawirikawiri ataya mowa, alanda migolo, ndipo khoti lilipiritsa. Mlandu wa camba uyenda ndi lamulo lina, lolemera kutalitali. Mai amene anazolowera kulipira faindi ya kacasu, akalola mlamu wace kusungiza kathumba pansi pa bedi, walowa m'madzi akuya amene sanawayesepo ndi ndodo.

Lamulo limenelo lili ndi mbiri yace. Dziko linali kale ndi lamulo la 1967 la mankhwala oopsa, koma cimene cinadzidzimutsa Boma sicinali camba ca alimi. Anali mapiritsi a Mandrax, amene anali kucokera ku India ndi kudzera mu Lusaka popita ku South Africa. Mu 1985 Boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linatsekera anthu angapo ochuka powaganizira za malonda amenewa, ndipo linaika bwalo lofufuza lotsogozedwa ndi Woweruza Chaila. Mu 1989 kunabwera lamulo lolanda cuma copezeka ndi malonda a mankhwalawa, ndipo DEC inabadwa caka comweco. Mu 1993 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lalikulu limene linagwira nchito zaka 28. Pa lamulolo wogulitsa anali kuyembekeza ndende yofika zaka 25, wopezeka nazo cabe zaka 15, ndipo wolima zaka 10. Ukonde unalukidwira nsomba zazikulu za pa bwalo la ndege, koma amene anadzazamo caka ndi caka ndi matemba a kumidzi ndi a m'makomboni.

Cimene cinapweteka ambiri ndi muyeso. Pa malamulo a nthawiyo, munthu wopezeka ndi camba copitirira theka la gramu anali kuyesedwa wogulitsa, ngakhale sanagulitsepo kwa munthu. Theka la gramu silikwana ngakhale fodya wa m'ndudu imodzi ya m'sitolo. Tsono mtengo umodzi wozulidwa kuseri kwa cimbudzi, ukaikidwa pa sikelo, unali kupitirira muyesowo kambirimbiri. Ndiponso lamulo la 1993 linanena kuti woimbidwa mlandu wogulitsa kapena wopanga mankhwalawa asapatsidwe belo. Tanthauzo lace linali lakuti munthu anali kuyamba kugona m'ndende tsiku lomwe wagwidwa, woweruza asanamve mau ace ngakhale amodzi. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi lina mu 2021, koma kulima, kupanga, kusunga ndi kugulitsa popanda cilolezo ndi milandu ya ndende kufikira lero.

Kugwidwa kwa munthu m'komboni kawirikawiri kucitika mbandakuca, mbaula zisanayatsidwe. Ofufuza sabwera mwangozi. Wina anawauza, kaya mnansi wotopa ndi anyamata ogogoda usiku, kaya mnzace wa malonda amene anakangana naye pa ndalama, kaya wogwidwa dzulo amene afuna kupeputsa mlandu wace. Galimoto iima patali cifukwa njira ndi yopapatiza, ndipo anthu amva citseko cokha. Afufuza pansi pa matiresi, m'denga, m'cidebe ca ufa, m'kamunda. Cimene capezeka acionetsa kwa mwini nyumba, acilemba, ndipo apita naco pamodzi ndi munthuyo.

Munthu wace uti? Apa ndipo pali misozi yambiri. Lamulo lifunsa za amene cinthu capezeka m'manja mwace kapena m'malo amene iye ayang'anira. Mnyamata mwini katundu akakhala kuti analumpha mpanda atamva galimoto, otsala m'nyumba ndiwo ayankha, kaya ndi mkazi wace wa mwana kumsana, kaya ndi amai ace okalamba amene cipindaco ndi cao. Mwini nyumba amene adziwa zocitika m'cipinda ca lendi natseka maso nayenso angathe kuimbidwa mlandu. Ngakhale mlendo wofika dzulo kucokera kumudzi, amene ananyamula thumba lotumizidwa ndi mnansi osalimasula, ayenera kufotokoza kwa woweruza cifukwa cace dzina lace linalembedwa pa thumbalo. Akale anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, ndipo pa milandu iyi mau amenewo acitika monga momwe anenedwera.

Kucokera pamenepo njira ilowera kumwera, kubwerera m'tauni. Wogwidwa ayamba wasungidwa m'citokosi ca polisi. Lamulo liti aonekere ku khoti msanga, pasanapite maola 24 ngati kutheka, koma masiku apitirira nthawi zambiri pamene mapepala ayenda kucokera kwa ofufuza kupita kwa oimba milandu a Boma. Masamba aja atumizidwa ku nyumba yopimira zakudya ndi mankhwala ya pa cipatala cacikulu ca UTH, pakuti khoti silikhulupirira mphuno ya wapolisi. Lifuna cikalata ca katswiri conena kuti cinthuco ndi camba ndithu, ndi kulemera kwace. Cikalata cimeneco cikacedwa, mlandu nao ucedwa.

Khoti la majisitireti la Lusaka lili pafupi ndi ndende yaikulu imene aliyense aidziwa ndi dzina lakuti Chimbokaila. Mamawa akaidi oyembekeza milandu abwera pa lole yochingidwa ndi zitsulo yochedwa kasalanga, ndipo abale aima panja kusuzumira m'timazenera kuti aone nkhope ya munthu wao. M'kati zonse ziyenda m'Cingerezi. Womasulira aima pambali nasandutsa mau a woweruza m'Cinyanja, ndipo funso loyamba ndi lalifupi: kodi ubvomera mlandu kapena ukana? Munthu amene sanalowepo m'khoti ayankha funso limeneli miyendo ili kunjenjemera, osadziwa kusiyana kwa mlandu wopezeka ndi cinthu ndi mlandu wogulitsa, ngakhale pakati pa iwiriyi pangathe kukhala zaka zambiri za moyo wace.

Kwa munthu wa kumudzi cinthu covuta kumvetsa ndi mwini mlandu. Kwao mlandu uli ndi wodandaula wooneka ndi maso. Amalume aimirira m'malo mwa mbumba, akuluakulu akhala pansi pa mtengo, mbuzi kapena nkhuku iperekedwa, ndipo anthu adyera pamodzi. Pa khoti ili pepala la mlandu lilembedwa kuti anthu a dziko lonse ndiwo atsutsana ndi woimbidwayo. Palibe woti n'kumpepesa, ndipo palibe mbuzi imene ingaufafanize. Mboni ya Boma ikalephera kubwera, woweruza achula tsiku lina, ndipo kasalanga abwerera ndi katundu wace. Mlandu suola, koma munthu woudikira m'ndende aonda.

Chimbokaila inamangidwa m'nthawi ya atsamunda kuti isunge anthu mazana ocepa, koma kwa zaka zambiri yasunga oposa cikwi. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la mu 2010 linasimba za akaidi ogona cokhala cifukwa cosowa poyala thupi, za cifuwa cacikulu cofala m'zipinda zopanda mpweya, ndiponso linapeza kuti mwa akaidi atatu alionse m'dziko muno, mmodzi anali asanaweruzidwe. Kuyambira pamenepo Boma lamanga ndende zina monga ku Mwembeshi, ndipo mu 2016 dzina la nthambiyi linasintha kukhala Zambia Correctional Service, kusonyeza kuti colinga ndi kuongola munthu. Koma kuthinana sikunathe. Ndico cifukwa cace ena abvomera mlandu umene akadatha kuukana, poganiza kuti ndi bwino kudziwa tsiku loturuka kusiyana ndi kudikira tsiku losadziwika. Saganiza kuti dzina lolembedwa m'buku la opalamula litsata munthu pofuna nchito ya ulonda, ya usilikali kapena ya uphunzitsi. Ana osakwana msinkhu ali ndi njira yao, ndipo ena atumizidwa ku Nakambala ku Mazabuka kapena ku Katombora kufupi ndi Livingstone, kutali kumene mai wa ku Kabanana sangathe kufikako kawiri pa caka.

Pamene zonsezi zili kucitika, ku Kabanana nyumba iyamba kugwa pang'onopang'ono. Lendi siidikira ciweruzo. Kantemba katsekedwa cifukwa mwini wace akhala ku khoti tsiku lonse. Mwana wamkulu asiya sukulu kuti alere ang'ono. Kale uthenga unali kupita kumudzi ndi kalata yopatsira dalaivala wa basi, lero upita ndi foni usiku womwewo, ndipo mau ace sasiyana kwambiri nyumba ndi nyumba.

"Amalume, atate ace a mwana awatenga. Akuti ndi a DEC."

"Apongozi, musalire. Mwapita kukawaona? Nanga akuti pafunika zingati?"

Funso lomalizalo ndilo litsegula khomo la akuba. Pa zipata za makhoti ndi za polisi pazungulira anthu obvala bwino amene anena kuti adziwana ndi akuluakulu, ndipo angathe kupha mlandu ngati banja lipereka ndalama zakuti. Kumudzi agulitsa ng'ombe yolimira, kapena matumba a cimanga amene anasungira njala, natumiza ndalama pa foni. Wolandirayo azimitsa foni yace. Ngati ndalamazo zifikadi kwa wa Boma, ndiye kuti banja lapalamula mlandu waciwiri, wa ciphuphu. Njira yoongoka ilipo, ngakhale ili ndi mzere wautali: bungwe la Legal Aid Board lipereka maloya kwa anthu osauka, ndipo woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wouza woweruza kuti afuna loya asanayankhe, ndi kuti afuna womasulira m'cilankhulo cimene amva bwino. Banja licita bwino kusunga ndalama zace kuti zithandize pa ulendo wa ku khoti, pa cakudya ca wam'ndende ndi pa sukulu ya ana.

M'zaka zaposacedwa kwabwera cisokonezo cina. Mu Disembala 2019 Boma linalengeza kuti nduna zabvomereza kulima camba ca mankhwala a m'cipatala ndi cogulitsa kunja kwa dziko, monga Lesotho inacitira mu 2017 ndi Zimbabwe mu 2018. Malawi anatsatira mu 2020. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inapanga malamulo atatu pamodzi: la camba ca mankhwala, la mtundu wina wa camba wosaledzeretsa umene upangidwa zingwe, nsalu ndi mafuta, ndi lija lolowa m'malo mwa la 1993. Uthenga unafika m'mashabini ndi m'midzi utaduka miyendo. Anthu anangomva kuti camba caloledwa. Zoona zace ndi zakuti cololedwa ndi ca munthu kapena kampani yokhala ndi cilolezo, yolima m'munda wochingidwa ndi woyang'aniridwa, ndipo pa nthawi ya cilengezo nyuzi zinalemba za msonkho wa cilolezo wofika madola 250,000 pa caka. Palibe wa ku Kabanana kapena wa ku Vubwi amene angaione ndalama yotere ngakhale m'maloto. Ndi cinthu cowawa kuti mbeu imodzimodziyo ilemeretse wa cilolezo ndi kumangitsa wa khasu, ndipo opanga malamulo ayenera kuiganizira nkhani imeneyi mofatsa. Koma kuwawa kwace sikumasula munthu pamaso pa majisitireti.

Anthu a m'komboni eni ace sagwirizana pa za ogwidwa. Pamene galimoto ya DEC icoka, ena apukusa mitu ndi cisoni, ena ayamika camumtima. Oyamikawo ali ndi zifukwa. Madzulo pa mphambano zina paima magulu a anyamata amene anthu awacha majanki, maso ofiira, ena a zaka 14 cabe. Ayamba ndi camba, naonjeza mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine amene amwa botolo lonse, ndi mapiritsi ogulidwa mwakuba. Alanda mafoni ndi tindalama ta amai ocokera ku msika, ndipo mlonda wopita ku nchito usiku ayenda ndi mantha m'njira imene anakuliramo. Ena mwa anyamatawa athera ku cipatala ca Chainama, cija mlendo anacipitirira polowa mu Lusaka, atasokonezeka mitu. Kholo limene lamangapo mwana wace ndi cingwe kuti limtengere kumeneko silimva cisoni ndi wogulitsa, ngakhale wogulitsayo ndi wamasiye wa m'chalichi mwao. DEC ili ndi nthambi ya uphungu imene ilandira makolo obwera okha ndi ana ao, ndipo kupita kumeneko si kudzipereka ku mlandu, koma ambiri aopa dzina lokhalo la bungwelo.

Womangidwa akamaliza zaka zace aturuka ndi kathumba ka pulasitiki, nakwera kabasi ka kumpoto. Apeza cipinda cace muli anthu ena, ndipo kamunda kaja pamangidwa nyumba ya mabuloko, pakuti ku Kabanana malo opanda kanthu sakhalitsa. Mkazi anasamukira kwa mkulu wace ku Chazanga kapena anabwerera kumudzi ndi ana. Ena mwa oturukawa abwera ndi luso la ukalipentala kapena la kusoka limene anaphunzira m'ndende, ndipo machalichi ena awathandiza ndi zipangizo zoyambira. Ena apeza kuti munthu yekha amene awalandira ndi manja awiri ndi wogula uja wa usiku, amene masiku onsewa anali pa ufulu ndipo afuna wina womsungira katundu.

Otsala m'kati adalira mapoto a ku Kabanana. Pa masiku oona akaidi amai adzuka usiku kuphika nsima ndi kapenta kapena nyemba, aika m'zitini, namanga pa citenje. Akwera timabasi tiwiri, kena kofika m'tauni, kena kopita ca ku Ridgeway, kapena ayenda pansi mbali yotsalayo kuti asunge ndalama yobwerera. Pa cipata ca Chimbokaila aima pa mzere, ndipo msilikali wa ndende abvundula nsimayo ndi supuni kuti aone ngati mulibe cobisika, nauza mwini wace kuti alaweko iye poyamba.